Ndani Amaliza Belu Thupi Likatentha?

Palibe nyumba imene sidziwa kutentha thupi. Kaya ndi m'nyumba zazikulu za ku Kabulonga ndi Woodlands, kaya ndi m'tizipinda ta lendi ta ku Kalingalinga, usiku umene mwana watentha ngati mbaula umatalika cimodzimodzi. Ambiri a ife timaganiza kuti kacirombo kakalowa m'thupi, ndiko kamasonkha motowo. Koma akatswiri a zaumoyo anapeza kuti moto umenewu umasonkhedwa ndi thupi lenilenilo, ndipo limausonkha dala. M'thupi mwathu muli alonda amene amaliza belu akaona mdani, ndipo kutentha, kutupa ndi kupweteka ndiwo kulira kwa belulo. Kumvetsa nkhani imeneyi kungapulumutse moyo wa mwana, ndiponso kungaletse acibale kudana pa milandu ya ufiti yopanda maziko.

M'masiku a atumwi kunali mlembi wina ku Roma, dzina lake Celsus, amene analemba zizindikiro zinai za malo odwala pathupi: kufiira, kutupa, kutentha ndi kupweteka. Iye anaona bwino, koma amene amacititsa zimenezi sanamdziwe. Panapita zaka mazana ambiri kufikira mu 1882, pamene katswiri wa ku Russia, Élie Metchnikoff, ali mumzinda wa Messina ku Italy, anabaya ndi minga tizamoyo ta m'nyanja toonekera m'kati ngati galasi. M'mawa mwake anapeza tinthu tamoyo tambirimbiri titaunjikana mozungulira mingayo. Tinthu timeneti ndito tija tinaphunzira kutichula kuti asilikali a m'thupi, pa nthawi imene maphunziro a Edzi anafika m'maparishi athu. M'kadontho ka magazi kocepa ngati mutu wa phini muli asilikali otere pakati pa 4,000 ndi 11,000.

Mpanda ndi mageti ake

Aliyense amene anayendapo m'misewu ya ku Kabulonga adziwa mmene nyumba zakumeneko zimakhalira: mpanda wautali wa njerwa, geti la citsulo, ndi mlonda amene amabwera madzulo kucokera ku Mtendere kapena ku Bauleni. Thupi lathu linamangidwa ndi tinyumba totere tosawerengeka, timene akatswiri amatichula kuti maselo. Msilikali wa m'thupi nayenso ndi selo. Selo lililonse lili ndi mpanda wake, koma mpandawo ndi wa mafuta, wopyapyala kotero kuti maso sangauone. Tonse tidziwa kuti madzi ndi mafuta sizisakanizika. Motero mcere wosungunuka m'madzi a m'thupi sungadutse mpanda umenewu pokhapokha utapeza cipata.

Tikati mcere, tikunena mitundu ingapo. Pali sodiyamu, amene ali mumcere wothira m'ndiwo. Pali potaziyamu, amene timamupeza m'nthoci ndi m'nyemba, ndipo alimi amamudziwa cifukwa ali mu feteleza wa Compound D. Palinso kalisiyamu, wa mumkaka ndi m'mafupa. Micere imeneyi ikasungunuka imagawika m'tizidutswa tonyamula mphamvu ya magetsi. Pampanda wa selo pali tizipata zikwi zambiri, ndipo kacipata kalikonse kali ndi mlendo wake: kena kamalola potaziyamu yekha, kena kalisiyamu yekha. Tizipatato timakhala totseka kufikira titalandira cizindikiro.

Codabwitsa ndi kusiyana kwa m'kati ndi kunja. M'kati mwa selo potaziyamu amaculuka pafupifupi ka 30 kuposa kunja, pamene sodiyamu ndiye amaculukira kunja. Kusiyana kumeneku kumasungidwa ndi kapampu kogwira nchito usana ndi usiku, kotulutsa tizidutswa titatu ta sodiyamu ndi kulowetsa tiwiri ta potaziyamu nthawi iliyonse. Kapampuka kanapezedwa mu 1957 ndi Jens Skou wa ku Denmark, pofufuza mitsempha ya nkhanu. Taganizani za madzi a ku Kariba ataunjikana kuseri kwa khoma. Zitseko zikatsegulidwa, madzi amatuluka ndi mkokomo popanda wowakankha. Potaziyamu amacitanso cimodzimodzi: kacipata kamodzi kakatseguka, tizidutswa mamiliyoni ambiri timatha kudutsa pa sekondi imodzi.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 1976 akatswiri awiri a ku Germany, Erwin Neher ndi Bert Sakmann, anapima magetsi odutsa pa kacipata kamodzi kokha pogwiritsa nchito kampope ka galasi koonda kuposa tsitsi, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 1991. Mu 1998 Roderick MacKinnon wa ku America anaonetsa mmene kacipata ka potaziyamu kanapangidwira. Mphotho yake ya mu 2003 anagawana ndi Peter Agre, amene anapeza tizipata todutsa madzi. Agre yemweyu pambuyo pake anatsogolera bungwe lofufuza malungo la pa yunivesite ya Johns Hopkins, limene lagwira nchito zaka zambiri pamodzi ndi ofufuza a ku Macha, m'boma la Choma.

Mboni ziwiri

Mpingo sumanga ukwati popanda mboni ziwiri. Msilikali wa m'thupi nayenso saliza belu pa umboni umodzi, pakuti kuliza belu pacabe kungaononge thupi lonse.

Mboni yoyamba ndi fungo la mdani. Msilikali wina wamkulu, wochedwa macrophage, amene dzina lake litanthauza wakudya kwambiri, amakhala m'mapapo, m'ciwindi, pansi pa khungu ndi m'malo ena, akumeza zinyalala ndi tizirombo. Akakhudza kacidutswa ka cikopa ca kacirombo, amayamba kulemba kalata ya cenjezo. Kalata imeneyi ndi mankhwala amene akatswiri anawapatsa dzina lakuti interleukin-1. Koma kalatayo amaisunga m'kati yomatidwa, ndipo yomatidwayo ilibe mphamvu iliyonse.

Mboni yaciwiri ndi cionongeko. M'selo lililonse muli cinthu cochedwa ATP, cimene cili ngati ndalama yogulira mphamvu. Malo ake ndi m'kati mwa mpanda. Mukapeza mipando ndi mapoto a mnansi wanu zitamwazikana mumsewu, mumadziwa kuti nyumba yathyoledwa. Momwemonso, maselo akaphulika cifukwa ca cilonda kapena matenda, ATP imatayikira kunja, ndipo msilikali amaizindikira. Pampanda wake pali kacipata kochedwa P2X7, kamene kiyi wake ndi ATP yomweyo. Kacipatako kakatseguka, sodiyamu ndi kalisiyamu amalowa, ndipo potaziyamu amathamangira kunja. Mu 2018 ofufuza a ku Chicago anaonetsa kuti kacipata kena, TWIK2, kamathandizana ndi koyambako potulutsa potaziyamu.

Tsono kutsika kwa potaziyamu m'kati ndiko kumakoka cingwe ca belu. Mu 2013 gulu la Gabriel Núñez ku Michigan linaonetsa kuti adani osiyanasiyana, monga ululu wa tizirombo ndi timiyala tosongoka, amadzera njira imodzi yomweyi. M'selo muli kamlonda kochedwa NLRP3. Potaziyamu akatsika, kamlondako kamadzuka ndi kusonkhanitsa anzake, ndipo onse pamodzi amamanga cinthu cozungulira ngati gudumu la njinga. Jürg Tschopp ndi anzake a ku Lausanne, m'dziko la Switzerland, ndiwo anayamba kufotokoza magudumu a mtundu umenewu mu 2002, nawacha inflammasome. Gudumulo limanola lumo, ndipo lumolo limacita nchito ziwiri. Coyamba, limamatula kalata ija. Caciwiri, limadula cinthu cina cochedwa gasdermin D, cimene zidutswa zake zimakaboola mabowo aakulu pampanda. Nchito ya gasdermin D inadziwika mu 2015. Kalata imatulukira m'mabowo amenewa. Kawirikawiri madzi amalowa, selo limatupa, kenaka limaphulika. Mlondayo amafa ali m'kati mocenjeza mudzi.

Kalata ikafika

Pafupi ndi malo a nkhondo, kalata ija imalamula mitsempha ya magazi kuti itanuke, ndipo n'cifukwa cake pamafiira ndi kutentha. Madzi a m'magazi amatulukira m'minofu pamodzi ndi asilikali ena obwera kudzathandiza, ndiye kutupa kuja. Mitsempha yomvera ululu imakhala cheru, kuti munthu aleke kugwiritsa nchito ciwalo codwalaco. Zizindikiro zinai za Celsus zonse zafotokozedwa pamenepa.

Makalata akaculuka, uthenga umafika ku ubongo. Pansi pa ubongo pali kacigawo kosunga muyeso wa kutentha kwa thupi pa madigiri pafupifupi 37. Uthengawo ukafika, muyeso umakwezedwa kufika pa 39 kapena 40. Pamenepo thupi limadziona ngati lazizidwa, ndipo wodwala amanjenjemera ndi kupempha mabulangeti ngakhale dzuwa la mu Okutobala likuswa mtengo. Kutentha kumeneku kuli ndi phindu, pakuti tizirombo tambiri sitiswana bwino m'thupi lotentha, ndipo asilikali amagwira nchito mwacangu.

Nanga Panadol amacita ciani? Iye amafooketsa uthenga wotsiriza umene umakweza muyeso mu ubongo. Wodwala amapezako bwino, ndipo cimeneco ndi cifundo cabwino. Koma Panadol sapha kacirombo n'kamodzi komwe. Belu laleka kumveka, wakuba akali m'nyumba. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Malungo a udzudzu

M'cinenero cathu mau akuti malungo amatanthauza kutentha thupi kulikonse, amatanthauzanso matenda obwera ndi udzudzu. Kusakaniza kumeneku kwapweteketsa anthu ambiri. Kacirombo ka malungo a udzudzu kamakhala m'maselo ofiira a magazi, kakudya cimene cimafiiritsa magaziwo, ndi kusiya zotsalira zakuda zonga timiyala. Pakapita maola pafupifupi 48 maselo ofiirawo amaphulika, ndipo timiyalato timamwazikira m'magazi pamodzi ndi zinyalala zina za kacirombo. Asilikali amatimeza. Mu 2009 ofufuza anaonetsa kuti timiyala timeneti timatha kudzutsa kamlonda kaja, NLRP3. Kuphulika kwa maselo kobwerezabwereza ndiko kumacititsa kuti wodwala atenthe, atuluke thukuta, aoneke ngati wacira, kenaka agwenso.

Mu Lusaka malungo a udzudzu ndi ocepa poyerekeza ndi ku Luapula kapena kumadera ena a Kum'mawa. Zimenezi zili ndi misampha iwiri. Msampha woyamba ndi wakuti mwana wa m'tauni akatentha, makolo amagula mankhwala a malungo osapimitsa, pamene vuto lili m'cifuwa, m'khutu kapena m'njira ya mkodzo. Waciwiri ndi wakuti banja likabwerako ku chuthi ca Khirisimasi ku Katete kapena ku Mansa, mwana n'kutentha patapita sabata imodzi kapena ziwiri, palibe amene amakumbukira udzudzu wa kumudzi. Mwana wokulira m'tauni thupi lake silinazolowere kacirombo kameneka, ndipo malungo angafike ku ubongo m'masiku owerengeka. Dziko la Zambia linali m'gulu la maiko oyambirira mu Africa kusankha Coartem kukhala mankhwala oyamba a malungo, mu 2002, ndipo kupima magazi a pacala kumatenga mphindi zosapitirira 20. Safunsa anadya phula.

Cala cacikulu ndi mlandu wa ufiti

Belu lomweli limalira ngakhale popanda kacirombo. Pali matenda ochedwa gauti, amene amakonda kugwira abambo a zaka zapakati. Munthu amagona ali bwinobwino, koma pakati pa usiku amadzidzimuka cala cacikulu ca kuphazi citatupa, citafiira, cikupweteka kotero kuti ngakhale nsalu yofunda siingacikhudze. M'mawa acibale amayamba kunong'onezana kuti bambo aponda mankhwala. Maso amatembenukira kwa mnzao wa ku ofesi amene amalimbirana naye udindo, kapena kwa azakhali okalamba a kumudzi. Ena amathamangira kukatemera mphini.

Coonadi ndi cakuti m'magazi mwa munthu wotere mwaculuka asidi wina wochedwa uric acid, amene amauma m'mfundo za mafupa ndi kusanduka timiyala tosongoka ngati singano. Mu 2006 gulu lija la ku Lausanne linaonetsa kuti asilikali akameza timasingano timeneti, gudumu lija limamangidwa ndipo interleukin-1 imatuluka. Asidiyu amaculuka cifukwa ca mtundu wa kubanja, kunenepa, matenda a impso, mankhwala ena a BP okodzetsa, ndiponso mowa, zakumwa zotsekemera, ciwindi ndi nyama yofiira. Michopo ndi mowa wa Loweruka lililonse zili ndi ngongole yake.

Pali cinthu cimodzi cimene cimanyenga anthu. Ululu wa gauti umatha wokha pakapita sabata imodzi kapena ziwiri, ngakhale munthu asamwe kanthu. Motero sing'anga amene anatema mphini tsiku lacisanu amatenga ulemu wonse, ndipo wonamiziridwa uja amatsala ndi dzina loipa. Pakapita miyezi ululu umabweranso, cidani n'kukula. Komatu dokotala angathe kupima asidiyu m'magazi. Pali colchicine, mankhwala akalekale ocokera ku duwa, oziziritsa ululu, ndiponso allopurinol wotsitsa asidiyo. Lamulo lacisanu ndi citatu limatiletsa kunamizira mnzathu, ndipo m'nkhani yonga iyi kulisunga kumayambira pa kukapimitsa magazi.

Fumbi la m'migodi

M'maparishi athu a ku Chelstone, Kabwata ndi kwina muli madoda ambiri amene anathera unyamata wao pansi pa nthaka ku Mufulira, Kitwe ndi Luanshya. Ena mwa iwo amapuma mobanika. Mu 2008 kunadziwika kuti fumbi la mwala wolimba wochedwa silica, ndiponso la asbestos, limaliza belu lomweli. Msilikali wa m'mapapo amameza kafumbiko, koma mwala sugayika. Amaliza belu, amafa, ndipo kafumbi kaja kamatoledwa ndi msilikali wina amene amafanso cimodzimodzi. Zaka zikamapita, m'mapapo mumadzaza zipsera, mapapowo amauma, ndipo cifuwa cacikulu ca TB cimapeza khomo lotsegula. Zipsera zimenezi zilibe mankhwala ozicotsa. Cothandiza ndi kuthira madzi poboola miyala, kuvala zochinga mphuno ndi pakamwa, ndi kupimitsa mapapo. Ku Kitwe kuli bungwe la boma la Occupational Health and Safety Institute lopima anthu a m'migodi. Bambo wokalamba amene akutsokomola kosalekeza azinena kwa dokotala kuti anagwirapo nchito mumgodi, ngakhale papite zaka makumi atatu.

Belu lopitirira muyeso, ndi belu losalira

Walira mvula walira matope. Tizirombo tikalowa m'magazi ndipo asilikali a thupi lonse n'kuliza mabelu nthawi imodzi, mitsempha yonse imatanuka, kuthamanga kwa magazi kumatsika, impso ndi mapapo zimafooka. Ambiri amene anadwala kwambiri COVID-19 anavutika m'njira yofanana ndi imeneyi: m'sabata yaciwiri ya matenda, moto wa asilikali ao omwe unali kuononga mapapo. Mliri umenewu unatilanda okondedwa ambiri, ndipo mmodzi wa iwo anali Ambuye Moses Hamungole, bishopu wa dayosizi ya Monze, amene anamwalira mu Januwale 2021 m'cipatala ca Levy Mwanawasa muno mu Lusaka. Mu Juni 2020 ofufuza a ku Oxford analengeza kuti dexamethasone, mankhwala otsika mtengo ofatsitsa asilikali, anacepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu pakati pa odwala opumira makina. Koma mankhwala omwewo sanathandize odwala amene sanafunikire mpweya wa m'cipatala. Ndico cifukwa cake mankhwala otere ayenera kuperekedwa ndi dokotala yekha.

Belu likapanda kulira, tsoka limakhalanso lalikulu. Asilikali a mtundu wina, amene pakati pao pali aja a CD4 ogwidwa ndi kacirombo ka HIV, amadalira kacipata ka kalisiyamu kuti atumize makalata ao. Mu 2006 Stefan Feske ndi Anjana Rao, ku Boston, anapeza kacipata kameneka pofufuza banja lina limene ana ake anabadwa ndi asilikali osatha kumenya nkhondo. Anakacha Orai, dzina la alonda a zipata za kumwamba m'nthano za Agiriki akale. Ndipo mu 2017 zinatuluka zotsatira za kafukufuku wa anthu oposa 10,000 amene anadwalapo mtima. Amene anapatsidwa jekeseni wogwira interleukin-1 vuto la mtima linawabwerera mocepa, koma imfa zobwera ndi tizirombo zinaonjezeka pakati pao. Akatswiri akufunafunabe mankhwala okhudza tizipata timeneti mwanzeru, oti belu lizilira pa muyeso wake.

Zoyenera kucita m'mabanja

Abale ndi alongo, nzeru zonsezi zimabwerera pakhomo pathu. Thupi likatentha, funso loyamba likhale lakuti mlonda waona ciani. Mpatseni wodwala madzi ambiri ndi Panadol pa muyeso woyenera msinkhu wake, koma yankho la funsolo likafunidwe ku kiliniki. Ana asapatsidwe aspirin, cifukwa pa matenda ena a tizirombo angaononge ciwindi ndi ubongo. Khanda losakwana miyezi itatu likatentha, lipite ku cipatala tsiku lomwelo. Cimodzimodzinso mwana aliyense amene akukomoka, akukana kuyamwa kapena kumwa, akusanza ciliconse, akupuma mofulumira, wauma khosi, kapena akugona osadzutsika. Usiku usakhale cifukwa codikira. Ndipo pofotokoza matenda kwa anamwino, musaiwale kuchula ulendo uliwonse wa posacedwa.

Mlaliki Luka, amene mwambo wa Mpingo umati anali sing'anga wophunzira, ndiye anasamala kulemba kuti malungo a mpongozi wa Simoni anali aakulu, ndi kuti Ambuye anaima pafupi ndi wodwalayo. Buku la Mphunzitsi Sira, mutu 38, limatilangiza kulemekeza sing'anga ndi kupemphera, zonse ziwiri pamodzi. Papa Yohane Paulo Waciwiri anakhazikitsa Tsiku la Odwala mu 1992, ndipo timalikumbukira pa 11 Febuluwale caka ndi caka. Tsono ife a m'miphakati tikamapita kukazonda wodwala, titenge korona ndi buku la mapemphero monga mwa masiku onse. Tikatha kupemphera, mmodzi wa ife afunse mwaulemu ngati magazi anapimidwa, ndipo ngati vuto ndi ndalama ya ulendo wa ku cipatala, tisonkhe pomwepo tisanatsazike.